Ndowa ya Amalume ya ku Joni

Ndowa ija inali ndi chogwirira chawaya chomwe chinkalira ukachigwetsera m'mbali, ndipo kunsi kwake kunali zilembo zachingerezi zomwe panalibe woziwerenga pakhomo pathu. Amene anabwera nayo ndi amalume, alongo awo a amayi, amene kwathu ku Kande timati asibweni. Anali atakhala zaka zinayi kumigodi ya ku Joni, ndipo anafika m'chilimwe, nkhondo yaikulu itangotha kumene, ine ndili kamtsikana ka zaka ngati zisanu ndi zinayi.

Mphatso zina za tsikulo ndinaziiwala, koma nkhope ya amayi ndimaikumbuka. Amayi anali oumba mbiya. Bambo anamwalira ndili wakhanda, ndiye chinkatidyetsa ndi dongo: mitsuko yotungira madzi, miphika, ndi mbiya zikuluzikulu zoviikamo chinangwa. Lero ndimaona kuti kupatsa munthu wotere ndowa ya m'sitolo kunali ngati kumuuza kuti ntchito yake yatha, koma amalume sanaganizeko zimenezo. Amayi anailandira ndi manja awiri, nathokoza m'Chitonga kuti, "Yewu ukongwa." Kenaka anaigogoda ndi chala monga ankachitira ndi mphika wongochoka pamoto pofuna kumva ngati uli ndi mng'alu. Atamva kulira kwake anaseka, naipereka kwa ine.

Mawa lake ndinatchuka kuchitsime. Mtsuko unkalemera usanathiremo n'komwe madzi, ndipo chaka chomwecho ndinali nditaswa iwiri. Ndowa ndinkathamanga nayo, kuiimba ngati ng'oma njira yonse. Anzanga ankadziyang'anira m'mbali mwake, nkhope zikutalika ngati za mbuzi, tonse n'kugwa ndi phwete. Wofuna kusenzako kuchokera pachitsime mpaka pamtengo wa mkuyu ankandipatsa mango awiri aawisi. Mwezi umenewo ndinadya mango mpaka milomo kuchita zilonda.

Akuluakulu nawo anayamba kufunsa. Amalume anawauza kuti sikofunika kupita ku Joni, ndowa zotere zafika kusitolo ya amwenye ku Chintheche, pamtengo wa masheleni atatu. Zinali ndalama zambiri, poti mtsuko wa amayi unkagulidwa ndi tiki, kandalama ka makobiri atatu, kapena lichero la usipa wouma. Komabe amene amuna awo ankatumiza ndalama anagula. Ankati mtsuko ndi wotchipa tsiku logula lokha, chifukwa mwana akapunthwa kamodzi wapita. Pasanapite nthawi, kuseri kwa nyumba yathu kunandandalika mitsuko isanu ndi iwiri yopanda woifunsa, ndipo amayi anatha masabata awiri osapita kukakumba dongo. Ine sindinadandaule. Sindinkaona kuti wotsatsa malonda a sitoloyo ndinali ine ndemwe, m'mawa uliwonse, kwaulere.

Tsiku lina amayi anandidzutsa m'mamawa n'kunena kuti akufuna akaone kumene ndowazi zimamera. Ananditenga chifukwa iwo Chinyanja ankangochimva patalipatali, pamene ine aphunzitsi anali atatiphunzitsako kusukulu ya mishoni. Tinayenda mpaka dzuwa kufika paliwombo, mchenga ukuotcha kumapazi.

M'sitolomo munkanunkhira parafini, sopo ndi nsalu zatsopano. Ndowa anazisanjikiza, ina m'kati mwa inzake, mpaka kudenga. Amayi anaima n'kuziyang'ana nthawi yaitali. Ndikuganiza kuti ankawerengera miyezi imene akanatha kuti aumbe mitsuko yochuluka choncho. Kenaka anayamba mafunso, ine ndikumasulira mwamanyazi. Ikabooka umatani? Mwini sitoloyo, bambo wonenepa wa magalasi, anati umaimatitsa kwa wokhoma zidebe kapena umagula ina. Ikagwa? Imangopindika. Nanga madzi amakhalamo ozizira?

Apa bamboyo anaseka, natikodola kuti tisuzumire kuseri kwa tebulo lake. Pakona, pamchenga wonyowa, panali mtsuko wovindikira ndi mbale, kapu ili pamwamba.

"Ndowa ndi yogulitsa," anatero. "Ine ndimamwa umu."

Sindinafunike kumasulira. Amayi anagwada n'kusisita khosi la mtsukowo. Linali ndi timizere titatu tokhotakhota tomwe ankalemba ndi kachigoba ka nkhono pa chilichonse chochoka m'manja mwawo. Unali wawo. Mmene unayendera kuchoka ku Kande mpaka kumeneko sitinadziwe. Bamboyo anangoti wantchito wake anaugula kwa mayi wina panjira. Nditamuuza kuti woumba wake ndi amene wagwadayu, anatunga madzi n'kutipatsa kuti timwe. Anali ozizira mpaka m'mano, akumveka kafungo ka dothi. Tisanatuluke anapempha kuti timubweretsere ina iwiri, wina wa kunyumba kwake, wina wa mchimwene wake.

Pobwerera amayi anaseka njira yonse. Akangokhala chete pang'ono, ankabwereza mawu a bambo uja m'Chinyanja chawo chokhota, "Ine ndimamwa umu," n'kuyambiranso. Aliyense amene tinakumana naye anaimva nkhaniyo, ngakhale asodzi omwe ankasoka ukonde pansi pa mtengo.

Kuyambira sabata imeneyo anasintha kaumbidwe. Mitsuko yaing'ono yosenza anaisiya, akuti pamenepo ndowa yapambana ndipo palibe chifukwa cholimbana nayo. Anayamba kuumba yaikulu, yamimba, yongokhala m'nyumba kusunga madzi. Nyengo nayo inawathandiza. Kutentha kwa mwezi wa khumi kutafika, madzi a m'ndowa ankafika masana atafunda ngati osamba. Akazi a aphunzitsi anayesa kuviika chinangwa m'ndowa yawo yomwe inali itayamba dzimbiri. Ufa wake unatuluka wakuda, kondowole wake, nsima ya chinangwayo, akumveka chitsulo, ndipo ana anamukana. Anabwera kwathu akudziseka okha, nagula mbiya yoviikira. Ena anatsatira. Ambiri ankafika atasenza ndowa zawo zomwezo, n'kufunsa mtsuko woti mulowe ndowa ziwiri. Amayi anakweza mtengo kufika pa sikisi, ndiye kuti matiki awiri, ndipo palibe anatsutsa kwenikweni.

Tsiku lootcha mitsukoyo ndi limene ndimalikonda pa zonse. Amalume, omwe anali atazindikira mochedwa zimene mphatso yawo inachita, anagwira ntchito ngati olipa mlandu. Anatuta nkhuni ndi makungwa atavala chipewa chawo cha ku Joni, amayi akuwalalatira kuti asaunjike mbali imodzi. Moto utazilala, mitsuko inatuluka yofiira, ina ili ndi mawanga akuda, ikulira tetete pozizira. Umodzi wokha ndiwo unasweka. Iwiri yabwino koposa amalume anainyamula okha kupita nayo ku Chintheche, ataikulunga m'masamba a nthochi, anthu akuwaseka kuti njonda ya ku Joni yasanduka wogulitsa mbiya. Pobwerako anandigulira kansalu ka kumutu kamaluwa achikasu.

Mvula yoyamba itagwa, tchuthi cha amalume chinatha. M'mawa wonyamuka anakhala pakhonde akumanga nsapato, nafunsa amayi chimene adzawabweretsere ulendo wina. Anatchula mabulangete, ketulo, ngakhale makina osokera. Za ine anati mwina nsapato. Ndinayang'ana amayi kuti avomere msanga.

Amayi anapitiriza kusenda chinangwa. "Za m'sitolo zili pa Chintheche pompa, tikazifuna tidzagula," anatero. "Inu mudzabwere nokha, ngakhale chimanjamanja."

Amalume anamanga nsapato inayo pang'onopang'ono, kenaka anandisisita kumutu. Tinawaperekeza mpaka kumsewu kumene ankadikirira lole, ine ndili m'mbuyo, nditatupa ndi mkwiyo. Tsiku lonse sindinawalankhule amayi. Ndinkaona kuti anditayitsa nsapato chifukwa cha kunyada basi.

Mitengo ya zinthu ndinali nditaidziwa bwino chilimwe chimenecho: tiki, sikisi, masheleni atatu. Koma ndinkaganiza kuti ku Joni ndalama amangotola. Sindinkadziwa kuti amalume ankatsika pansi pa nthaka kusanache n'kutuluka dzuwa litapita, kapena chifukwa chimene m'nyumba zina za m'mudzi mwathu munali mabulangete abwino ndi maketulo owala, koma amuna ake osaonekanso.