Zala Ziwiri za Amayi Finyani

Amayi amene mpingo wawaika m'manda mwezi wathawu sankapereka moni ngati anthu ena. Ankatambasula zala ziwiri za dzanja lamanja n'kunena kuti, "Finyani." Ngakhale abusa ankafinya. Dzina lawo lenileni linachita kuiwalika, aliyense ankangoti Amayi Finyani.

Anakula akudyetsa bambo awo amene anafa mbali imodzi, moti sukulu anailekera panjira. Kenako analowa ntchito yokolopa m'wodi ya odwala sitiroko. Uku akukolopa, ankaba ndi maso mmene madokotala ankayesera manja: kwezani mkono, gwirani pakamwa, tolani batani. Atapuma ntchito, ali mayi wamasiye, anaika kapu, supuni, kiyi ndi batani m'chikwama, nayamba kuyendera odwala otulutsidwa m'chipatala. Wokwanitsa kupotokola kiyi ankamulemba m'kope kuti adokotala akaone. Amene dzanja labwerera m'mbuyo ankamuperekeza okha kuchipatala. Pemphero linkabwera pomaliza. Ankakonda kunena kuti Mulungu amamva ngakhale wosapinda manja, koma batani la malaya limafuna zala.

Mwana wawo wamkazi, namwino, chikwamacho chinkamuchititsa manyazi. Ankawaseka kuti ndi adokotala opanda pepala. Akamutambasulira zala ankangozikankha, akuthamangira kuntchito.

Lamlungu lina amayi anamutambasulira zala zakumanzere. Mwanayo anaona ndithu. Anaonanso kuti kapu ya tiyi aigwirira kumanzere, ndipo batani lapakhosi la bulauzi yawo silinamangidwe. Kayesedwe ka sitiroko ankakadziwa, ka mphindi ziwiri zokha: kukweza mikono yonse maso ali chitsekere, n'kuona umene ukugwa. Anati ndi nyamakazi, adzawayesa Loweruka. Lachinayi anawapeza ali gone pakhomo la bafa, pakamwa patapotoka.

Anagona milungu itatu m'wodi yomwe ankakolopa ija, osadandaula n'kamodzi komwe. Tsiku lomaliza mwanayo anaika zala zake ziwiri m'dzanja lawo lamanja.

"Amayi, finyani."

Dzanja linangoti zii. Atasamutsira zalazo kumanzere, amayi anafinya pang'ono, namwetulira ndi theka la pakamwa.

"Mwachedwa, anamwino," anatero, lilime likulemera. "Koma mwayesa bwino."

Masana omwewo anapita mwakachetechete, amayi a mpingo akuimba pambali pa bedi.

Maliro atatha, mwanayo anatsegula kope lija. Tsamba lomaliza linali la atelala ena amene anali atangoyamba kutola batani, ndipo tsiku lowayendera linali litapita kalekale. Zilembo zake zinali zokhotakhota, zolembedwa ndi dzanja lamanzere.

Sanalire. Anatsuka kapu ndi supuni, napukuta kiyi. Batani la m'chikwama silinapezeke, ndiye anadula lapakhosi la bulauzi ija. Zonse anaziika m'chikwama pamodzi ndi kope, nachikoleka pa chitseko kuti mawa asachiiwale.