Fayilo Yopanda Kanthu ku Chitakale

Satifiketi ya Folomu 4 ya mdzukulu wanga ndinkasunga ine, chifukwa mayi ake amabwereketsa chilichonse, ngakhale chitseko. Tsiku lomaliza kutumiza mapepala ofunsira malo ku koleji ya uphunzitsi, ndinaimangirira pamimba, tinakwera minibasi ya ku Chitakale.

Mayi wa pasitolo ya makompyuta anaiika m'makina ojambulira, nabaya kafulashi ka mdzukulu wanga pambali. Kuwala kutangodutsa, ndinazula kafulashiko. Ndinali nditamva kuti anthu amaba maphunziro a ana a eni.

"Agogo, mwafulumira," anatero mayiyo.

"Mumafuna ndichedwe kuti mutani?"

Anakabaya pakompyuta, natumiza. Panatuluka mawu ofiira. Mdzukulu wanga anawerenga: akana, ati fayilo ilibe kanthu.

"Dzina lilipo, koma m'kati mulibe," anafotokoza mayiyo. "Makina anali asanamalize kulemba."

"Ndiye maphunzirowo apita kuti? Tsegulani kabatiyo ndione."

Anatsegula. Munali mandasi awiri.

Tinayambiranso. Ndinalumbira kuti sindikhudza, koma dzanja linapita lokha kukazulanso kafulashiko. Fayilo yachiwiri inatuluka theka: mutu wa satifiketi ulipo, magiredi palibe. Inakanidwanso.

Apa ndinayamba kumulemekeza wokanayo. Ndathyola tiyi zaka zambiri, ndipo ndaonapo akapitawo akulandira dengu osayang'ana pansi pake. Uyu ankasuzumira kaye.

"Kwawo n'kuti bamboyu?" ndinafunsa.

"Si munthu, agogo," anayankha mayiyo. "Ndi pulogalamu ya pakompyuta ya ku koleji. Anangoikonza kuti izikana zopanda kanthu ndi zoduka."

"Analeredwa bwino."

Mdzukulu wanga sanaseke. Ku koleji ankatseka faifi koloko, ndipo folo inali itadutsa. "Agogo, mukazulanso, chaka chino sindipita kusukulu," anatero, misozi ili mbwee.

"Nanga dzanjali nditani nalo?"

"Likhalireni," anatero mayi uja.

Ndinakhalira manja onse awiri pabenchi. Mdzukulu wanga, mtsikana wamkulu woti n'kukwatiwa, anandikhala pamiyendo kuti ndisadzuke. Akabaza anadzaza pawindo kudzaonerera. Ndinawawerenga, analipo asanu ndi mmodzi, wina wa chipewa sindinamukonde. Kuwala kunadutsa, kanyali ka fulashi kanaphethira mpaka kanatopa. Mayiyo anakazula yekha mwaulesi, natumiza. Mawu anatuluka obiriwira.

"Alandira!" anakuwa mdzukulu wanga, akufuna kulumpha.

"Usadzuke kaye, mwanawe," ndinamuuza. "Manjawa sanamvebe."