Habiba ndi Injini Yozima Panyanja

Loweruka pa 23 Julayi 1983, cha m'ma 2 koloko masana, boti la malemu Fakiri linafika padoko lina kumpoto kwa boma la Nkhotakota likupalasidwa ndi nkhafi. Munalibe nsomba. Injini yake yaing'ono inali itazima pakati panyanja, kachisanu mwezi umenewo.

Habiba, mkazi wa malemuyo, anaima pamchenga ndi dengu lopanda kanthu. Panali patangopita masiku anayi chitulukire m'nyumba, momwe anabindikira miyezi inayi ndi masiku khumi kulira mwamuna wake monga mwa Chisilamu. Anali ndi zaka 31 ndi ana atatu. Ntchito yomwe ankaidziwa inali kuwamba nsomba basi.

"Injini iyi ikulira mwini wake," anatero Kalilu, mkulu wa asodzi anayi a m'botilo. "Chimwalirire a Fakiri siinayendepo bwino."

M'mawa mwake kunafika Yakubu, mkulu wake wa malemuyo.

"Mlamu, chitsulo chakufa sichidyetsa ana. Ku Mwadzama kuli munthu akufuna boti ndi injini yomwe. Tigulitse, inu mubwerere kwa amayi anu muzikalima chinangwa."

"Alamu, ndipatseniko mwezi umodzi."

"Muchite nayo chiyani mwezi umodzi? Muiwambe?"

Amene anali pakhondepo anaseka. Komabe Yakubu anavomera, nati abwera ndi wogulayo pa 29 Ogasiti. Habiba anadziwa kuti boti likapita, ndiye kuti khomo lake lapasuka.

Anakulunga injiniyo m'chiguduli, namanga pansonga ya chitenje khadi lachipani lomwe ankafunsa paulendo masiku amenewo, n'kukwera basi ya ku Dwangwa. Kumeneko kunali a Yoramu, mkulu wochokera kumpoto, amene ankakonza njinga zamoto ndi injini zopopa madzi kuseri kwa msika. Anaitsegula, naitsuka, naimangirira pamgolo wa madzi. Inalira ola lathunthu osatsokomola. Habiba anabwerera kwawo mtima uli m'malo.

Patapita masiku awiri inazimanso.

"Mama, mwabweraso?" anadabwa a Yoramu atamuona ulendo wachiwiri. "Injini iyi njamoyo kuposa ine. Ikudwala ndi zomwe mukuidyetsa kwanuko. Khalani apa. Lero mutsegula nokha."

Anamuonetsa kabureta, momwe petulo amasakanikirana ndi mpweya. Anamuonetsa kachitsulo ka mkatimo kamene kabowo kake ndi kochepa ngati ka singano, nati kakatsekeka injini imafa ndi njala thanki ili yodzaza. Anamuphunzitsa kutsuka pulagi, yomwe imayatsa moto mu injini. Pomaliza anamupatsa masipanala awiri, sikuludiraiva ndi botolo loyera.

"Petulo wanu ayambe walowa umu. Mudikire pang'ono, muyang'ane pansi pake."

Atafika kwawo, Habiba anafunsa Kalilu komwe ankasunga petulo. Fakiri ali moyo, zitini za petulo zinkakhala m'nyumba, zotsekedwa ndi zotsekera zake. Koma m'miyezi ya kubindikira ija asodziwo sakanalowa m'nyumba ya wamasiye, choncho anazitengera kudoko. Zotsekera zinasowa, iwo n'kutseka ndi zitsononkho za chimanga, monga achitira pachigubu cha thobwa. Kenaka anazikwirira theka mumchenga wonyowa, ati dzuwa lingamwe petulo.

Habiba anapendeka chitini chimodzi, nathira zotsalira m'botolo lija, n'kuliimika pathanthwe. Posakhalitsa zinalekana. Petulo anayandama pamwamba. Pansi panakhala madzi otalika ngati chala, ndi tizinyenyeswa ta chitsononkho tikuzungulira.

"A Kalilu, ndiye misozi yolira a Fakiri imeneyi?"

Kalilu anayang'ana botololo. "Ife tinkati tikusamala," anatero.

Ndipo oyilo wosakaniza ndi petulo asodziwo ankamuthira mongoyerekeza ndi maso. Tsiku lina wochuluka, pulagi n'kuda bii, tsiku lina wochepa, injini n'kutentha.

Kudziwa nthenda kunali kwina, kuchiza kwina. Tsiku loyamba kutsegula kabureta payekha, kachitsulo ka kabowo kaja kanamupulumuka n'kugwera mumchenga. Anasefa mchengawo ndi sefa ya ufa kuyambira m'mawa mpaka masana, amayi anzake akudutsa n'kumafunsa ngati tsopano ayamba kuphika mchenga. Anakapeza. Kuyambira pamenepo ankamasulira zonse m'lichero, chilichonse pamalo pake motsatana.

Anatsegula ndi kumanga kabureta kasanu ndi kawiri mlungu umenewo, mpaka zala zinazolowera. Anatsuka thanki naiumitsa padzuwa. Anagula zitini ziwiri zokhala ndi zotsekera, nazibwezera m'nyumba. Anapeza kachitini koyezera: kamodzi ka oyilo pa 25 ta petulo, monga anamuuzira a Yoramu. Petulo aliyense ankadutsa pansalu yoyera asanalowe m'thanki.

Lolemba pa 29 Ogasiti, Yakubu anafika m'mawa ndi wogula uja. Doko linadzaza anthu. Habiba anamanga chitenje molimba, nakwera m'boti.

"Mlamu, inunso mukupita?" anafunsa Yakubu.

"Ikazima muzifunsa yani, alamu? Kwerani."

Yakubu, wogula uja ndi Kalilu atakwera, Habiba anakoka chingwe cholizira injini kawiri. Kachitatu injini inalira, boti n'kunyamuka. Anayenda mphindi makumi awiri, mitengo ya kumtunda n'kuchepa. Kenaka injini inayamba kubanika, inatsokomola, n'kukhala chete.

Wogula uja anaseka. "Ndimanena ine. Mtengo watsikanso apa."

Kalilu anatola nkhafi. Habiba anamuletsa ndi dzanja. Anali atamva momwe yazimira: siinadukize ngati yamwa madzi, inafooka pang'onopang'ono ngati munthu womutseka mphuno. Anafinya kampira kopopera petulo ka papaipi, napeza kataphwa. Anayang'ana pachotsekera thanki. Kabawuti kolowetsa mpweya kanali komangidwa zolimba.

"Wamanga apa ndani?"

"Ndine," anayankha Kalilu. "Ndimaopa madzi angalowenso."

Habiba anakamasula, thanki n'kupuma kuti fyuu. Anafinya kampira mpaka kanalimba, nakoka chingwe kamodzi. Injini inalira. Siinazimenso ulendo wonsewo, ndipo anabwerera padoko patatha maola awiri.

Yakubu anatsika, madzi akumufika m'mawondo, natembenukira kwa mlendo wake.

"Achimwene, pepani, mwavutika ulendo. Katunduyu ali ndi mwini wake. Ngati yanu ikuvuta ku Mwadzamako, mubwere nayo kwa alamu angawa."

Munthuyo anabweradi nayo mu Novembala. Pofika 1987, asodzi a ku Kanyenda ndi madoko ena ankanyamula injini zawo kudza pakhonde la Habiba, ndipo zambiri mwa izo zinalibe chothyoka. Zinkangofuna petulo woyera ndi munthu woleza mtima. Boti lija linagwira ntchito zaka zina zisanu ndi zinayi. Ana onse atatu anakulira pakhomo la bambo awo.

Inu amene mukuwerenga, mwina nanunso muli ndi chinthu chimene anthu akuti chinafa kale, ndipo akukufotokozerani chifukwa chake molimba mtima ngati anachitsegulapo. Musawatsutse ndi pakamwa. Pitani kwa wodziwa, ndipo zikakanika pitaninso. Funsani, tsegulani ndi manja anu, muone ndi maso anu. Musagwe mphwayi musanaone chenicheni chimene chavuta.