Basi ya ku Limbe Pakati pa Nyanja

Ndikukumbukira chaka chimene ndinali mu Sitandade 8 kwathu ku Nkope, nthawi imene dziko lonse linkamvera wailesi imodzi. Makolo anga anamwalira ndili wamng'ono, ndipo ndinakulira m'manja mwa agogo anga aakazi, amene tinkawatchula kuti Anganga. Ndinali mwana wosalankhulalankhula. Anthu ankati ukandituma umangoona chinthucho chafika, osadziwa kuti ndabwera nthawi yanji.

Kufatsa kumeneku n'kumene kunandipezera malo pakhonde la aphunzitsi a Chimbalanga, ochokera ku Ntcheu. Tikaweruka, iwo ankatenga ana ochepa n'kumatiphunzitsa masamu ndi Chingelezi mwapadera, kuti mwina tisankhidwe kupita ku sekondale. Anganga ankadziwa kuti popanda khonde limenelo ndidzathera pa kuyanika usipa wa eni ake. Ndikamanyamuka ankandiuza kuti, “Kumeneko usakalakwe, ndilibe kwina kokupititsa.”

Koma pakhondepo pankadutsa Esinati, mwana wa aphunzitsiwo, ndowa ili pamutu, osatiyang'ana n'komwe. Ndipo m'nyumbamo munali wailesi imene mabatire ake ankawayanika padzuwa kuti atsitsimuke. Pakati pa nyimbo zotamanda boma ndi uthenga wa maliro, nthawi zina pankalira kanyimbo kena, gitala wake akulira ngati mwana wa mbuzi. Woimbayo ankati mtima wake ndi basi ya ku Limbe, wokwera ndi mmodzi yekha, kondakitala ndi iye mwini. Lero polemba mawu amenewa m'makutu mwanga mukutentha. Pa nthawiyo ndinkaona kuti palibe munthu amene ananenapo zoona zoposa zimenezi, ngakhale kuti ku Limbeko ndinali ndisanapondeko.

Nyumba yathu inali yaing'ono, munalibe poimbira. Choncho Loweruka m'mawa ndinkabwereka bwato la Che Amidu, oyandikana nafe nyumba, ndikunena kuti ndikukawedza. Ndinkapalasa mpaka anthu a padoko aoneke ngati nyerere, n'kugoneka nkhafi m'bwatomo. Kumeneko ndiye ndinkatsegula pakamwa. Ndinkatsinzina, dzanja pachifuwa, mawu akusweka pakati monga amachitira a mnyamata amene akukula, ndipo pamene woimba ankati “wokondedwa” ine ndinkaikapo dzina la Esinati. Popeza mafunde ndinkawaopa, ndinkasankha dala masiku a bata, madzi ali zii.

Mwana aliyense wa msodzi amadziwa kuti nyanja ikachita bata m'mawa, mawu amayenda pamwamba pa madzi mpaka kumtunda osatayika. Asodzi amafunsana za usipa wina ali uko wina ali uko. Ine ndinalibe bambo wondiuza zimenezo.

Ndinkangodabwa kuti amayi otsuka mbale padoko akuchulukirachulukira Loweruka, ndipo ndikamakocheza onse ankawerama kwambiri, mapewa akugwedezeka. Che Amidu nawonso sankafunsa za nsomba. Ankangoti, “Bwato lilipo, mwanangu, ngakhale mawa ubwere.”

Zinaululika tsiku limene mayi ake a Esinati anabwera okha kudzachapa padokopo, n'kumva ndikuimba dzina la mwana wawo. Masana ake Anganga anavala chitenje chawo cha kutchalitchi, nakulunga chambo chowamba m'pepala, nandiuza kuti nditsogole kwa aphunzitsi. Tili m'njira ndiye anandiuza kuti mudzi wonse wakhala ukundimva.

“Nanenso ndinkakumva,” anatero Anganga. “Ndinkati ndikuletse, koma chibadwire chako ndinali ndisanamve mawu ako atakwera chonchija.” Tinayenda pang'ono, kenako anapukusa mutu. “Koma iwe Yohane, pa zinthu zonse za pansi pano, mtima wako wasankha kukhala galimoto yonyamula anthu?”

Tinagwada pakhonde. Aphunzitsi anamvetsera kupepesa kwa Anganga nkhope ili gwa. Anati mwana wawo wabwera akulira kuchokera kotunga madzi, chifukwa anzake akumufunsa ngati wadula kale tikiti. Apa ndinadziwa kuti malo anga atha, ndipo sindinathe kuyang'ana Anganga. Kenako aphunzitsi anati, “Mudzi wonse wamva nyimboyi, ndatsala ine mwini mwana. Imirira, uyimbe.”

Ndinaimirira, ndinaimba. Pamtunda mawu anga anali aang'ono ndi onjenjemera, ndipo fungo la chambo chija linkandilowa kukhosi. Nditafika pa kondakitala, mayi ake a Esinati anathawira kukhitchini atatseka pakamwa ndi chitenje. Anganga ankayang'ana pansi ngati ataya singano. Aphunzitsi anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta nthawi yaitali, milomo ikukana kukhazikika. Kunsi kwa chitseko ndinaona mapazi a Esinati ataima chiimire. Kuchokera kumeneko sikunamveke kuseka.

“Basi imeneyo iyambe yafika ku sekondale,” anatero aphunzitsi, atavalanso magalasi awo. “Lolemba ubwere kudzaphunzira. Kunyanja usapitenso.”

Malo anga sanathe, ndipo ku sekondale ndinasankhidwa. Koma Esinati anayamba kudzera kuseri kwa nyumba tikakhala pakhonde, ndipo dzina loti Pasenjala linamukakamira mpaka bambo ake atasamutsidwa. Ine anthu anandiseka n'kuiwala. Iye sanaimbe chilichonse, koma ndiye anasenza manyazi a nyimbo yanga.

Masiku ano ana safunikiranso bwato. Mwana wanga wamkazi amatseka makutu ndi timawaya ta foni n'kumakolopa m'nyumba akuimba mokweza, poganiza kuti popeza iye sakutimva, ifenso sitikumumva. Nyimbo zake sizinachenjere kuposa za m'nthawi yathu: posachedwapa ankaimba kuti wokondedwa wake akachoka, mtima wake umasowa netiweki. Mayi ake akafuna kuphulika ndi phwete ndimawagwira dzanja kuti amusiye. Koma khutu ndimatchera ndithu. Tsiku limene ndidzamve dzina la mwana wa munthu m'nyimbomo, ndidzadzuka pampando n'kukamugwira paphewa asanafike pawindo.