Nsalu ya Ukwati Ndinasoketsa Diresi

Ukwati wa Amalawi ku Dublin umayamba ndi nsalu. Holo isanapezeke n'komwe, komiti imakhala itasankha kale chitenje chimodzi, ndipo chimabwera pang'onopang'ono m'masutukesi a anthu ochokera ku holide kumudzi. Woitanidwa aliyense amatenga chidutswa chake. Amuna amasoketsa mashati, akazi madiresi ndi maduku, kuti tikalowa mu holo aliyense aone kuti ndife amodzi. Chaka chimene ndikunenachi nsalu inali yobiriwira, ya maluwa achikasu aakulu ngati mbale. Ndinatenga chidutswa changa ndikudziwiratu kuti shati sindisoketsa.

Ndine mwamuna, ndevu ndimameta m'mawa uliwonse, ndipo ndimakonda kuvala zachikazi. Basi, nkhani yake ndi yomweyo. Sindinalodzedwe, si zizimba, sindikufuna kulemera nazo. Ndinayamba ndili mwana ku Ndirande, kuba masiketi a achemwali anga pa chingwe. Kwathu mwamuna akavala diresi pa sewero anthu amaseka mpaka kugwira nthiti. Mlandu umayamba akazindikira kuti iwe sukuchita sewero.

Ndinkakhala ku Santry ndi msuweni wanga, tonse tikukolopa ku eyapoti. Madiresi anga ankagona m'chikwama kunsi kwa bedi. Loweruka ndikakhala pa ofu ndinkanyamula chikwamacho, kukwera basi ya m'tauni, kupita ku kagulu ka anthu ngati ine kamene kankakumana m'chipinda cha pamwamba pa sitolo ina. Ambiri anali azibambo achizungu, ena a imvi zawo mbuu. Tinkafika ndi mathalauzi, kusintha, kumwa tiyi, kuphunzitsana kubisa ndevu ndi paudala, kenako kuvalanso mathalauzi n'kumapita. Anthu abwino, ndisaname. Wina mwa iwo, dalaivala wa basi, wamimba yake, ndi amene anayamba kundiuza kuti ndatchena, osaseka. Koma nthabwala zawo ndinkazimva mochedwa, zanga zinkafera m'kamwa. Ndinatopa ndi moyo wa thalauzi kwa akwathu, diresi kwa azungu. Ndinkafuna ndikaime pakati pa anthu a chilankhulo changa nditavala zanga, kaya andilandira kaya andithamangitsa, koma ndidziwe.

Telala wa akwathu onse ndi mayi wina wa ku Chipata, amene amasokera m'kachipinda kake ku Clondalkin akaweruka ku ntchito yosamalira okalamba. Tonse timangowatchula kuti anti. Ndinakwera basi mvula ikuwaza, nsalu ili kukhwapa mu jumbo.

"Shati ya manja aatali kapena aafupi?" anandifunsa, tepi ili m'khosi.

"Diresi, anti."

"Ya akazi ako?"

"Yanga."

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Ine maso sindinagwetse. Ndinali nditatsimikiza kuti akangoyamba ulaliki ndinyamula jumbo yanga.

"Manje iwe, na mapewa aya, uzanisiliza nsalu," anatero m'Chinyanja chawo cha ku Zambia. "Kweza manja."

Ndinakweza. Anandiyeza akung'ung'udza kuti ndilibe chiuno, kuti ndine thabwa, kuti afunika kuika mapindo ambiri kuti pakhale chooneka. Sindinatukwanidwepo mokoma chonchi chibadwire. Nditati ndizipita anandigwira mkono.

"Mwana wanga, azimayi onse abwera pano kuzayeza zao. Bazaiona iyi, bazafunsa ni ya ndani. Ine siniziba kunama."

"Auzeni, anti. Dzina langa sindinabe."

Amalawi a ku Dublin ndife ochepa, nkhani siikwera basi. Sabata isanathe, wapampando wa komiti anali atandichotsa pa gulupu ya pa foni ya ukwatiwo. Ndinati chotsani, holo ili ndi chitseko chake. Koma yondipweteka inandipeza kunyumba, tsiku lina titaweruka shifiti ya m'mawa. Msuweni wanga anaima pakhomo la khitchini, jekete osavula.

"Asuweni, zimene ndikumvazi n'zoona?"

"N'zoona."

"Chikwama chanu chija ndinachiona kalekale, ndinangokhala chete. M'chipinda mwanu sindinakuletseni. Koma pagulu? Mafoni onse aja? Mukufuna kuyalutsa mtundu wonse?"

Uyu ndi munthu amene tinakulira limodzi, tinkafunda bulangete limodzi, tinkanyozana za chisuweni mpaka akuluakulu kutikalipira. Nditafika kuno osadziwa ngakhale pokwerera basi, ndi iye anandigwira dzanja. Mawu ake anandilasa, koma anandikwiyitsanso.

"Ndiye ndikuthokozeni poti munandilola kubisala?" ndinatero. "Ndinawoloka nyanja zonsezi kudzakhalanso kunsi kwa bedi? Ayi, asuweni. Amene ali ndi manyazi avale yekha shatiyo."

Anatembenuka n'kukalowa m'chipinda mwake. Kuyambira tsiku limenelo aliyense ankaphika zake.

Tsiku la ukwati, dalaivala wa basi uja anabwera ndi galimoto yake kudzanditenga. Ankafuna kulowa nane, koma ndinamuuza kuti iyi ndi nkhani ya pachibale. Anati chabwino, akhala panja ndi nyuzipepala yake mpaka ndimuuze kuti azipita.

Diresi inakhala, abale! Anti anaisoka ngati akusokera mwana wawo. Duku ndinamanga ndekha. Ndinalowa mu holo masana dzuwa likuswa mtengo, nyimbo zikulira, ndipo ndinaona kukamwa kwa anthu kukutseguka tebulo ndi tebulo. Mafoni m'mwamba. Bambo wina kumbuyo anakuwa kuti, "Za usatana izi!" Ana obadwira kuno anangondiyang'ana kamodzi n'kupitiriza kuthamangitsana. Ine ndinayenda pang'onopang'ono dala, kuti wojambula ajambule bwino.

Ndisanapeze mpando, dzanja linandigwira pa mkono. Anali mtsogoleri wa amayi a kutchalitchi kwathu, mayi wamkulu woopedwa, amene lilime lake ngakhale abusa amalizemba. Anandikokera ku khonde la kuzimbudzi.

"Amayi, ngati mukundithamangitsa, kanenereni mkatimo anthu onse amve," ndinatero.

"Khala chete iwe. Werama."

Ndinawerama, sindikudziwa chifukwa chake. Anandivula duku. Ndinati basi, kwatha, andivula chimodzichimodzi. Koma analikutumula, kulipinda, n'kuyamba kundimanganso, akukoka zolimba mpaka makutu kuwawa.

"Wamanga ngati ukupita kuchigayo," anatero. "Tamvera. Zimenezi ine sindigwirizana nazo, ndipo ndikupempherera, ufune usafune. Koma nsalu iyi tavala tonse. Sungalowe nayo mosalongosoka chonchi."

Anabwerera m'mbuyo, kundiyang'ana, kukonza mfundo ya pamphumi.

"Ndipo usaganize kuti wavala diresi kuti ukhale pa mpando ngati bwana. Azimayi tili pa ntchito. Tiye."

Anandikankhira ku tebulo la zakudya, kumene azimayi anali atandandalika kumbuyo kwa mapoto. Ena anayang'ana kumbali. Anti anasuntha n'kundisiyira malo pambali pawo, akundipatsa chipande.

"Nyama ni yako," anatero. "Usapatse maningi, nthuli imodzi imodzi chabe, bantu ni bambiri."

Mzere unayamba kuyenda. Ena ankandidumpha n'kupita ndi mpunga wopanda ndiwo, ine ndinati zanu izo, njala ndi yanu. Ena ankatambasula mbale maso ali kudenga. Mtsikana wina, wophunzira ku yunivesite, ananong'ona kuti, "Mwatchena, asisi," ndipo ndinamuikira nthuli ziwiri, anti akundiponda phazi.

Kenako ndinaona shati yobiriwira ya maluwa achikasu itaima patsogolo panga. Msuweni wanga. Mbale ili m'manja, mpunga pang'ono, maso ofiira.

"Asuweni," ndinatero, "nkhuku kapena ng'ombe?"

Anandiyang'ana nthawi yaitali, duku, mapewa, chipande. Kenako anaika mbale pa tebulo mwaulemu, anatembenuka, n'kuyenda mpaka kuchitseko osacheuka. Ndinadziwa pomwepo kuti ku Santry ndikapeza chipinda chake chili mbee, ndipo zinaterodi.

Misozi inatsika, kuwononga paudala yense. Ndinafuna kuponya chipande ndimuthamangire. Anti sanandiyang'ane n'komwe, anangondigunda ndi chigongono.

"Gawa, mwana wanga. Mzere waima."

Wotsatira anatambasula mbale yake, ndipo ndinamugawira.