Nsabwe za pa Nkhwani Wanga

Titangosamukira ku Zolozolo, nkhwani wanga unagwidwa nsabwe, masamba n'kupotana. Mlangizi anati ndizule zonse ndiotche, chifukwa tizilomboti timafalitsa matenda. Ine ulesi. Ndinangoponya zozulazo kuseri kwa mpanda, m'dimba la a NyaGondwe, eni ake atapita kukavina kumsonkhano wa chipani.

Posakhalitsa maungu awo anachita mawangamawanga n'kupinimbira.

"Mama, ndi mlamu wanga wachita izi," anandidandaulira. "Analoza timaungu ndi chala, chonsecho dzungu laling'ono salozera!"

"Pepani chomene," ndinatero, nkhope ngati ya pamaliro.

Mlamuyo sanaloledwenso kuponda m'dimbamo.

Chaka chotsatira a NyaGondwe anandibweretsera dzungu lalikulu, ati poti ndinalira nawo. Ndinaphika, ndinadya. Linali lokoma, koma mpaka lero likadali pakhosi.