Msuweni wa Atate Amene Ndinamuthamangitsa

Atate anga anagwira ntchito yochapa ndi kusita zovala za alendo odzaona nyama za m'paki pa kampu ina ku Nkwali mpaka imvi zinati mbuu. Ukhondo wawo unali wonyanya. Ngakhale popita kukaona mmene njovu zawonongera kumunda kwathu ku Kakumbi, malaya ankayamba alawa simbi ya makala. Kucheza ndiye musanene. Ukawapatsa moni wa m'mawa, kumunda unkafika dzuwa litakwera.

Chifuwa chitayamba tonse tinkati ndi chachikulu chija, koma miyezi inapita osasintha. Zoona zake tinakazimva ku Lusaka. Tsikulo atate anali atatopa kwambiri, choncho anandisiyira ine, mwana wawo wamkazi woyamba, kuti ndimve za dokotala. Dokotalayo anandiuza kuti ndi khansa ya m'mapapo, yafalikira kale, ndipo chotsala n'kuchepetsa ululu basi. Tili m'basi pobwerera, iwo akuwodzera paphewa langa, ndinagamula ndekha kuti mawu amenewo sadzawamva.

Makani ndinatengera kwa malemu amayi. Titafika kunyumba ndinaika lamulo: wobwera kudzazonda asakhalitse, poti kulankhula kumawautsira chifuwa, ndipo za imfa asazitchule. Anthu anamvera. Amayi a kumpingo ankaimba nyimbo imodzi, n'kuwauza kuti achira. Anzawo a kukampu nawonso ankati achira. Atate ankangoyankha kuti zikomo, maso ali kumtengo wa mango.

Kenako kunabwera msuweni wawo wa ku Msoro, mwana wamkazi wa amalume awo, nkhalamba yaifupi ya pakamwa pakuthwa. Kwathu asuweni amanyozana mmene angafunire popanda mlandu, ndipo awiriwa anayamba ali ana. Anatsika panjinga yamoto atakupatira nkhuku, n'kuima pakhonde pamene atate anagona.

"Iwe, ukali moyo?" anatero. "Ine ndanyamula kale chitenje cha pamaliro. Fulumira, thonje langa likundidikira."

Atate anaseka, koyamba chibwerereni ku Lusaka. Kusekako kunasanduka chifuwa, ndipo pakansalu kawo ndinaona magazi. Mtima unandiwira. Ndinawauza mayiwo kuti chisuweni chili ndi nthawi yake, ndipo ndinawaperekeza mpaka kunjira asanamwe ngakhale madzi. Anasiya nkhuku ija n'kupita kwa mwana wawo amene anakwatiwa m'mudzi woyandikana nafe.

Masiku atatu atate sanalankhule zomveka. Phala ankangoligwedeza ndi sipuni. Ndinawapatsa malaya osasita mwadala kuti mwina andikalipire, koma anangovala, ndipo apo ndinachita mantha. Tsiku lachitatu ndikuwapukuta kumaso anandigwira mkono.

"Mayi, mpweya wanditsalira pang'ono, ndikuumva ndekha. Ndiye ndiuthere pothokoza anthu ondinamiza? Aliyense akuti ndichira. Za ulendo wanga ndikambe ndi ndani?"

Manyazi anandigwira. Ndinkayesa ndikuwateteza, pamene ndinali nditawatsekera okhaokha ndi chinthu chimene ankachidziwa kale. M'mawa mwake ndinapita kukagwada kwa msuweni uja. Anandisiya chigwadire mpaka anamaliza kusenda mtedza wake, kenako anandifunsa ngati geti ya paki yatsegulidwa, kapena mlonda wake akadali wolusa. "Kamuuze kuti ndifika naini awazi," anatero. "Asayerekeze kufa ndisanabwere."

Anakhala nafe milungu itatu, ndipo thonje lija anakatola ena. M'mawa uliwonse ankakhala pamphasa n'kuyamba kuwaputa. Ine ndinkatsuka mbale chapafupi, makutu ali konko, ndipo zonse zimene ndinkaopa kufunsa ndinazimva zikutuluka m'nthabwala. Atafunsidwa chovala cha m'bokosi, atate anati malaya oyera aja, koma msuweniyo asawakhudze chifukwa iye ndi simbi n'zosadziwana. Za manda anati pafupi ndi amayi, osati ku Msoro kumene anabadwira, kuopa kudzagona moyandikana ndi phokoso lakelo. Mlongo wanga ankalimbikira pafoni kuti tiwatengerenso ku Lusaka, koma iwo anauza msuweni wawo kuti masiku awo sangawapereke kwa basi. Ankafuna khonde lawo, anthu odutsa, ndi adzukulu akamabwera kusukulu.

Mankhwala oletsa ululu ankawagonetsa, ndiye anapempha namwino wa kukiliniki kuti awasinthire nthawi, kuti m'mawa mutu uzikhala woyera. Ululu pang'ono anati apirira, bola asaphonye macheza. Ankasekabe mpaka kutsokomola, ndipo mtima wanga unkapweteka nthawi iliyonse, koma ndinaphunzira kungobweretsa madzi n'kukhala chete. Lamulo langa lija linatha lokha. Anthu ankabwera n'kukhalitsa, ndipo ndinawaonanso atate anga amene ndinkawadziwa.

Anatisiya mvula isanayambe. Koma tsiku limene ndimalikumbukira kwambiri si la maliro. Kutatsala sabata imodzi, masana ena msuweni uja atapita kukasamba, atate anandiitana. Mawu anali atachepa, moti ndinachita kuwerama.

"Dokotala uja anakuuza chiyani?"

Ndinayang'ana kubafa, ngati kuti nkhalamba ija ingatuluke kudzandiyankhira. Sinatuluke.

"Anati ndi khansa, atate. Anati simuchira."

Ndinkadikira kuti andidzudzule chifukwa chowabisira. Anandiyang'ana nthawi yaitali, akusaka mpweya, kenako anaika dzanja lawo lowonda pamutu panga.

"Ndiye miyezi yonseyi wasenza wekha? Pepa, mwana wanga."

Ndinalira ngati kamwana, ine mayi wa ana anayi, ndipo wodwalayo ndi amene ankanditonthoza.